Khosi la Apongozi Anga

Tamara, Yohane ndi iwe Chisomo, mwakhala mukundifunsa chifukwa chake dasitikoti yakale ija ikadapachikidwa kuseri kwa chitseko, pamene ntchito ndinapuma kalekale ndipo mabatani ake anathothoka. Amayi anu afuna kangapo kuisandutsa chokolopera. Ndalemba izi kuti mudziwe, ngakhale kuti ineyo nkhani yake sindinaimvetse bwino mpaka lero. Za ubwana wanga ku Katete ndazisiya, sizisiyana ndi za mwana aliyense wa kumudzi.

1966

Ndinafika mu Lusaka ufulu ukadali wa dzulodzulo, ndipo Ambuye anandipatsa ntchito pa chipatala chachikulu, yokankha odwala pa machira a mawilo. Patapita miyezi, mzungu wina wamkazi amene ankayang'anira chipinda cha mafizo anandipempha kwa akuluakulu. Sikuti anaona nzeru mwa ine. Ankafuna munthu wamtali wotha kunyamula odwala, amenenso angamasulire Chinyanja. Anandipatsa dasitikoti yoyera yofika m'mawondo, nati kuyambira tsiku limenelo ndine wothandizira.

Masabata oyamba ndinali wobalalika. Ine ndinkadziwa kuti munthu amachira ndi jakisoni, mapiritsi ndi pemphero. Koma m'chipindamo ndinapeza akuluakulu a imvi akufinya mpira, ena akukoka chingwe, ena akuyenda pakati pa zitsulo ziwiri ngati ana ophunzira kuyenda. Mumtima ndinkati boma latsopanoli likutilemba ntchito yoseweretsa anthu. Chimene chinandikhazika mtima pansi ndi nkhani ya munthu uja anagona zaka zambiri pafupi ndi thamanda. Ambuye sanamunyamule. Anamuuza kuti adzuke yekha, mphasanso ayalule yekha. Ndinati mwina ntchito yathu ili pamenepo, ndipo ndinakhala.

1969 mpaka 1979

Ndinakwatira amayi anu, Esnati, ndipo tinapeza nyumba ya zipinda ziwiri ku Kabwata. Apa ndifotokoze mwambo umene inu okulira m'tauni mumauseka. Kwathu mkamwini ndi apongozi ake aakazi sayang'anana kumaso, sakhudzana, sadyera pamodzi. Ndikapita kumudzi, agogo anu aNambewe akandiona panjira ankapatukira m'chimanga. Moni wanga unkadzera mwa amayi anu, yankho n'kubwereranso mwa iwo, ngakhale tili pabwalo limodzi. Si chidani ayi. Ndi ulemu waukulu umene munthu angapatse mnzake, ndipo ine ndinkausunga mokondwa.

Kuntchito mzungu uja anabwerera kwawo, ndipo m'malo mwake munalowa Mayi Mulenga, Mubemba wa ku migodi, wophunzira bwino ntchitoyi, wa mawu okweza ndi woseka msanga. Zinali zaka za chipani chimodzi, pamene sopo, shuga ndi mafuta ophikira tinkaziimira pamzere wautali. M'chipatala namonso zinthu zinkatha. Malamba okokera ataduka tinkadula machubu a njinga. Zolemetsa tinkasoka timatumba ta mchenga. Makolala ogwira khosi atasowa, tinkadula siponji ya matilesi akale, kuikamo katoni, n'kuiveka sokosi lalitali. Anzathu anachoka mmodzimmodzi kukafuna ntchito kwina, mpaka tinatsala awiri, iwo ndi ine, ndi mawodi onse.

1981

Chaka chimenecho agogo anu anabwera ku Kabwata, atakwezedwa basi ndi achibale. Amayi anu anandiuza kuti manja awo achita dzanzi. Chikho chinkawapulumuka, chitenje sankatha kumanga, ndipo poyenda ankaponda ngati munthu woledzera, chikhalirecho mowa sanaulawepo. Atawajambula, dokotala anationetsa kuti mafupa a khosi, amene anasenza mitsuko ndi nkhuni moyo wonse, afinya mtsempha waukulu wodutsa mu msana. Anati akasiyidwa, dzanzi lidzatsikira m'miyendo ndipo adzangokhala chigonere. Panali dokotala wina wodziwa opaleshoni ya khosi amene ankabwera mwa apo ndi apo, ndipo ankayembekezeka mvula ikatha. Koma iyeyo sankalandira aliyense. Ankafuna wodwala wokonzeka, wotha kupuma mozama ndi kutsokomola bwino kuti chifuwa chisadzatsekeke akagona, wa mapewa ndi miyendo yolimbirapo, wozolowera kolala, ndiponso wodziwa kudzuka pabedi osapotoza khosi. Zonsezi munthu amaphunzira asanalowe m'fiyeta mochitira opaleshoni, chifukwa akatuluka ndi bala sangaphunzire kanthu.

Mayi Mulenga atawayeza anandiitanira pambali, n'kuyamba Chinyanja chawo cha m'tauni. "Ba Sakala, shani? Aba bamayo bafunika mafizo tsiku na tsiku. Ine nili neka, na basi ya ku Kabwata izabagwedeza khosi. Manje imwe munkhala nabo nyumba imodzi. Muzibachitisa kuseni na madzulo, mubabwelese kuno pa Chisanu."

"Mayi, ndi apongozi anga," ndinatero.

"Ndiye bwino! Simuzabalipilisa."

"Sindingawakhudze. Sindingawayang'ane n'komwe."

Anandiyang'ana, kenako anaseka mpaka kugwira tebulo. "Imwe ba kum'mawa! Mwagwila bakazi ba bantu mutauni yonse iyi, miyendo, misana. Lelo khosi ya bapongozi yakukangani?"

Tinayesa njira yathu. Madzulo ine ndinkakhala pa mpando panja, msana ku chitseko, amayi anu ali mkati ndi agogo. Ndinkafuula kuti, "Uwauze akhale mowongoka, ayang'ane kutsogolo, abweze chibwano m'mbuyo pang'onopang'ono." Amayi anu n'kuyamba, "Akuti mukhale mowongoka," agogo n'kuwadula, "Ndamva, sindine gonthi. Uwauze kuti ndamva." Oyandikana nafe ankasuzumira pa mpanda, poganiza kuti banja layaka moto. Ine sindinkaona chimene chikuchitika mkati, koma ndinkakhulupirira kuti zikuyenda.

Lachisanu lililonse Mayi Mulenga ankapukusa mutu. Khosi linkaipiraipira, dzanzi linafika m'zigongono. Anafunsa amayi anu kuti aonetse mmene amachitira, ndipo chinthu chinaonekera pomwepo. Ine nditangolankhula, agogo anu anaweramitsa mutu mpaka chibwano kugunda pachifuwa. Ndimo ankachitira masiku onsewo: mawu anga akuti dzutsani mutu, ulemu wawo ukuti weramani, ndipo ulemu ndiwo unkapambana. Choipa n'chakuti m'nyumba ya zipinda ziwiri ndinkadutsa pafupi nawo kambirimbiri, popita kukasamba, potenga Baibulo, pofuna nsapato, ndipo nthawi iliyonse ankadzigwetsa m'mawondo n'kupinda khosi lomwelo limene dokotala analetsa kupinda. Amayi anunso, posadziwa, ankawadzutsa pa mphasa powakoka manja, mutu ukulendewera m'mbuyo. Ndinazindikira kuti ine, amene ndinayenera kuwakonzekeretsa, ndinali matenda awo achiwiri.

Ndinaganiza zosamuka kukagona kwa mnzanga ku Chelstone, koma mafizo akanawachititsa ndani? Kumudzi kuli njira yomasulira mwambowu, ankhoswe amakhala pansi, nkhuku n'kuphedwa. Koma nkhoswe mmodzi anali atamwalira, wina anasochera ku migodi, ndipo mvula inali ikupita kumapeto. Lamulungu titatuluka m'kachisi ndinakokera pambali a Tembo, mkulu wa mpingo wathu, munthu wa kwathu.

"Mwana wanga, ana a Nowa pofunditsa atate awo anayenda chafutambuyo, nkhope kumbali," anatero. "Ulemu ndi wa Mulungu."

"Ndiye ndisawakhudze?"

"Komanso ng'ombe ikagwa m'chitsime pa Sabata, mwini wake saisiya."

"Ndiye ndiwakhudze?"

"Apongozi a Petro anagwidwa dzanja, malungo n'kutha." Anasisita chipewa. "Koma anawagwira ndi Ambuye. Petro yekha sitikumva kuti anali mbali iti ya chitseko."

"Abambo, ndichite chiyani?"

"Tipemphere," anatero a Tembo. Tinapemphera pansi pa mtengo, ndipo ndinabwerera kunyumba ndi mafunso ochuluka kuposa amene ndinapita nawo.

Lachisanu lotsatira amayi anu anangowasiya agogo pa benchi ya chipatala n'kuthamangira m'tauni, chifukwa kunamveka kuti mafuta ophikira afika. Mayi Mulenga anawagoneka pabedi kuti awaphunzitse kadzukidwe. Munthu wa khosi lotere sadzuka chagada. Amapinda mawondo, n'kutembenukira kumbali thupi lonse nthawi imodzi ngati chipika, kenako n'kutsitsa miyendo akudzikankha ndi chigongono. Pophunzira pamafunika anthu awiri, wina ku chiuno, wina wogwira mutu kuti uyende limodzi ndi mapewa. Ine ndinali kuseri kwa katani, ndikupinda matawulo amene anali opinda kale.

"Ba Sakala, bwelani mugwile mutu."

Ndinapitiriza kupinda matawulo.

"Ba Sakala, dokotala abwela mwezi wamawa. Ngati bamayo aba sibaziba kuuka, azabachosa pa mzele, na ine sinizamukaniza. Muzabanyamula pa chikuku mpaka kufa, ndiye ulemu wanu uzakwana."

Ndinaima pamenepo, thawulo lili m'manja. Ndinaganiza za malemu atate anga, amene akanandilavulira. Ndinaganiza za amayi anu. Ndinafuna vesi loti lindigwire dzanja, koma mavesi onse anathawa, m'mutu munangotsala Petro ataima pakhomo. Ndinati mumtima, Ambuye, ngati ndi tchimo mulembe pa ine, osati pa iwo. Ndinatsegula katani, ndinaima kumutu kwa bedi, ndipo ndinalowetsa manja pansi pa mutu wa apongozi anga. Unali wopepuka ngati wa mwana, tsitsi likununkhira utsi wa kumudzi. Ndinayembekeza kuti akuwa kapena alira. Iwo anatsegula maso, nayang'ana dasitikoti kuyambira batani la pansi, kukwera, kukwera, mpaka anafika pa nkhope yanga. Zaka zoposa khumi ndili mkamwini wawo, ndinali ndisanaonepo kuti diso lawo lamanzere lili ndi kachipsera pachikope.

"Achipatala," anatero, "manja anu ndi ozizira."

Tsiku limenelo anatembenuka bwino katatu konse. Ine ndinaweruka ndili ndi mantha, osadziwa kuti kunyumba ndikapeza chiyani. Nditalowa, agogo anu anatembenukira kukhoma monga mwa masiku onse, ndipo moni unadzera mwa amayi anu. Titadya, amayi anu anabwera panja pamene ndinakhala, nkhope yawo yosaoneka ngati akufuna kuseka kapena kulira.

"Amayi akufunsa ngati achipatala aja angathe kumabwera kuno kunyumba."

"Achipatala ati?"

"Aatali aja, a manja ozizira."

"Esnati, ndine amene."

"Ndawauza. Akuti mkamwini wawo asavutike, amabwera wotopa. Akufuna achipatala."

Mawa lake ndinapempha kwa Mayi Mulenga kuti ndizipita nayo dasitikoti kunyumba. Anaseka mpaka kupukuta misozi, koma analola. Ndiye moyo wathu unakhala motere. Ndikaweruka ndinkalowa m'nyumba mwanga ngati mkamwini, maso pansi, ndipo agogo, atavala kolala ya siponji imene inkawaletsa kuwerama, ankangotsinzina mpaka nditadutsa. Kenako ndinkatuluka, kuzungulira kuseri kwa nyumba pafupi ndi mpopi, kuvala dasitikoti, n'kubweranso kudzagogoda pa chitseko changa chomwe. "Odi!" "Loweni achipatala, lero mwachedwa." Tamara, iwe unali wamng'ono ndipo unkathawira kuseri kwa amayi ako, mwina sukukumbukira.

Tinkayamba ndi kupuma: dzanja pamimba, kukoka mpweya mpaka nthiti zitatambasuka, kuutulutsa pang'onopang'ono, kenako kutsokomola mutu uli chilili. Tinkafinya mapewa m'mbuyo ndi chubu cha njinga chomangirira ku chitseko. Zala zinkatola nyemba m'mbale imodzi kuika mu ina. Ankaimirira ndi kukhala pa mpando osagwira, n'kuyenda mpaka pa msika wa Kabwata ndi kubwerera, ine pambali. Ndinawakwezera pogona ndi njerwa ndi thabwa, chifukwa pa mphasa sakanatha kudzadzuka ndi bala. Ndinawaphunzitsa kumwa phala osakweza chibwano, ndiponso kutembenuka ndi mapazi wina akawaitana, osati ndi khosi. Chovuta kwambiri chinali kuwaletsa kusenza. Tsiku lina ndinawapeza atanyamula beseni la zovala pamutu, kolala ili m'khosi, nati, "Nanga mutu ntchito yake n'chiyani?"

Ndipo ankalankhula, ana anga! Munthu amene ndinkamuyesa wofatsa anali wa nthabwala zoluma. Ankandiuza za mkamwini wawo, maso ali pa ine. "Achipatala, muli pa banja? Mwana wanga anakwatiwa ndi munthu wabwino, koma pemphero la chakudya amalitalikitsa. Amayambira kwa Adamu. Pofika pa ameni ndiwo zazizira." Tsiku lina anati, "Amaliza mkonono ngati chigayo, koma musakamuuze." Ine ndinkangoti, "Pumani mozama, amayi," nkhope ikutentha.

Koma mumtima sindinali pa mtendere. Kodi limeneli silinali bodza, lochitika tsiku ndi tsiku m'nyumba ya Mkhristu? Kapena matenda anali atawasokoneza mutu, ine n'kumadyerera pa kusokonezekako? Tsiku lina ndili kuwamanga kolala ndinalimba mtima. "Amayi, kodi mukundidziwa kuti ndine yani?" Anandiyang'ana nthawi yaitali. "Inu gwirani ntchito imene boma linakutumani," anatero. "Mafunso ndi a apolisi." Sindinafunsenso.

Dokotala uja atabwera anawayeza. Anawauza kuti agone, adzuke, atsokomole, ayende mpaka pa chitseko. Anachita zonse mwakachetechete, ndipo iye anagwedeza mutu n'kunena tsiku. Madzulo a tsiku lomaliza kunyumba, titamaliza mafizo, sanandilole kupita msanga.

"Achipatala, kwathu khosi timadula la nkhuku. Kodi munthu amadzuka?"

"Ambiri amadzuka, amayi. Sindingalonjeze, moyo uli m'manja mwa Mulungu. Koma mbali yanu mwaichita yonse."

Anatembenuza nyemba m'zala. "Mukamuona mkamwini wanga mumuuze mawu awa. Ine nkhope yake sindiidziwa, ndimadziwa mapazi. Zaka zonsezi ndakhala ndikuwayang'ana. Ndi mapazi obwerera kunyumba. Mwana wanga ndinamusiya pabwino."

Ndinazungulira kuseri kwa nyumba kukavula dasitikoti, ndipo ndinakhala pa mpopi paja nthawi yaitali ndisanathe kulowa.

Anadzuka. Mu wodi, ali ndi bala ndi kolala yeniyeni yolimba, thupi lawo linakumbukira lokha zimene linaphunzira. Anatsokomola monga tinkachitira, chifuwa sichinatsekeke. Anatembenuka ngati chipika, natsitsa miyendo, ndipo posakhalitsa ankayenda m'khonde atagwira amayi anu. Manja sanabwerere onse. Singano sanathenso kuilowetsa ulusi, koma chitenje ankamanga okha, chikho osagwetsa. Tinapitiriza mafizo ku Kabwata mpaka nyengo yozizira itatha, kenako anabwerera kumudzi ndi wilibala imene tinawagulira kuti asasenzenso. Tsiku lonyamuka anatsanzikana ndi achipatala m'mawa, kuwagwira dzanja ndi manja awiri. Pa basi, kwa ine wovala jekete la kutchalitchi, anatembenukira kumbali, ndipo amayi anu anati, "Akuti mutsale bwino."

1989

Tinaitanidwa kumudzi kuti agogo adwala kwambiri. Posonkhanitsa katundu ndinapinda dasitikoti n'kuiika pansi pa chikwama, osauza munthu. Titafika amayi anu analowa m'nyumba, ine ndinatsala pabwalo ndi chikwama m'manja, osadziwa kuti ndilowe ngati yani. Patapita nthawi anatuluka.

"Akuti ngati mwabwera ndi achipatala, apume, matenda awa si a mafizo. Akuti mkamwini wawo aime pakhomo."

Ndinaika chikwama pansi n'kukaima pakhomo. Anali atagona chammbali pa bedi la thabwa, mutu uli mowongoka ndi mapewa monga tinaphunzirira. Sanakweze maso. Anayang'ana mapazi anga nthawi yaitali, kenako ananong'oneza amayi anu.

"Akuti nsapato zanu zatha, mugule zina."

"Uwauze kuti ndamva," ndinatero.

Anamwalira sabata yomweyo. Nditapuma ntchito, Mayi Mulenga anandiuza kuti dasitikotiyo nditenge, inali itatha kale moti palibe akanaivala.

Ndakhala zaka zambiri ndikusinkhasinkha, ndafunsa abusa awiri, ndipo sindidziwabe ngati tinaswa mwambo kapena tinausunga, ngati tinanama kapena ayi. Sindidziwa ngati nzeru imeneyo inali ya agogo anu okha kapena anapatsidwa. Malemba amati kumene tikupita kulibe kukwatira kapena kukwatiwa, choncho mwina kulibenso mkamwini ndi mpongozi. Ndikadzawapeza kumeneko, sindidziwa ngati adzandiyang'ana kumaso kapena kumapazi. Ndikudziwa kuti munthu sapita ndi chovala cha pansi pano. Komabe, ine ndikadali moyo, amayi anu akafuna chokolopera muwapatse malaya anga ena.